Magalimoto akale othamanga: amawapikisanitsiranji, nanga yeniyeni ndi iti?

September akafika, pa YouTube ndi pa Facebook pamadzaza timavidiyo tozunguza mutu ta chikondwerero cha magalimoto akale cha Goodwood Revival ku England. Anthu avala ngati tili m'zaka za m'ma 1950: azibambo masuti ndi zipewa, azimayi madiresi a nthawi ya agogo awo, amakaniko maovololo oyera. Pamsewu pakuthamanga magalimoto amene anapangidwa zaka 60 kapena 70 zapitazo, akupanikizana pa kona, ena kukhulana mpaka penti kusupuka. Kenako wolengeza amatchula mtengo wa galimoto imene yangowomba khoma la matayala ija, munthu n'kugwira pakamwa.

Mafunso amabwera mothithikana. Ndi mpikisano weniweni kapena ndi sewero? Munthu wanzeru zake angaike bwanji chuma choterocho pangozi? Ndipo galimoto yothamanga chonchi chaka ndi chaka ingakhale bwanji yomwe ija ya 1962? Funso lomalizali ndi limene limautsa mikangano pakati pa eni ake a masewerawa, ndipo tidzakhalitsapo. Koma tiyambe ndi zapafupi.

Galimoto imayamba liti kutchedwa yakale?

Palibe lamulo limodzi la dziko lonse. Bungwe la FIVA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 kuti ligwirizanitse makalabu a magalimoto akale a m'mayiko osiyanasiyana, limati galimoto ikhale ndi zaka 30 kapena kuposerapo, ikhale yosungidwa mogwirizana ndi mmene inalili pa nthawi yake, ndiponso isakhale yoyendera tsiku ndi tsiku. Mfundo yachitatuyi ndiyo imasiyanitsa galimoto yakale yosungidwa chifukwa cha mbiri yake ndi galimoto yongokalamba. Ku Britain boma limachotsera msonkho wa pamsewu galimoto ikadutsa zaka 40.

Angerezi ali ndi magulu awoawo. Ya veteran ndi yopangidwa chisanafike chaka cha 1905, ndipo zoterezi n'zimene zimaloledwa pa ulendo wa pachaka wochoka ku London kupita ku Brighton, Lamlungu loyamba la November. Ulendowu umakumbutsa za 1896, pamene lamulo lokakamiza galimoto kuyenda pa liwiro la munthu wapansi linafewetsedwa. Ya vintage ndi ya pakati pa 1919 ndi 1930. Dzina lakuti classic lilibe malire okhazikika. Aliyense amalikokera kwake, makamaka wogulitsa.

Nanga sports car? Kusiyana kwake ndi galimoto ya Formula One n'koonekeratu. Ya Formula One ili ndi mpando umodzi, matayala ali pamtetete, ndipo singayende pamsewu wa anthu onse. Sports car ili ndi mipando iwiri, nyali, ndi matayala ophimbidwa. M'zaka za m'ma 1950 sizinali zachilendo kuti galimoto yotere iyendetsedwe pamsewu kupita ku mpikisano, ipikisane, n'kubwerera kwawo yokha ngati sinaphwanyike. Mipikisano yake inali yaitali, ngati wa maola 24 wa ku Le Mans ku France umene unayamba mu 1923. Kumeneko Jaguar D-type inapambana mu 1955, 1956 ndi 1957, ndipo Ford GT40 inapambana zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1966. Mayina amenewa ndi amene amakoka anthu pa zikondwerero za lero.

Goodwood: malo amodzi, zikondwerero ziwiri

Anthu ambiri amasokoneza zochitika ziwiri za ku Goodwood, pafupi ndi mzinda wa Chichester kum'mwera kwa England. Zonse zili pa malo a banja la Duke of Richmond, koma n'zosiyana kwambiri.

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, gawo la malowa linali bwalo la ndege zankhondo lotchedwa Westhampnett. Nkhondo itatha, msewu wozungulira bwalolo unasandutsidwa wopikisaniranapo magalimoto, wotalika pafupifupi makilomita 3.8. Unatsegulidwa pa 18 September 1948, ndipo mnyamata wina dzina lake Stirling Moss anapambana mpikisano wake tsiku lomwelo. Pamalo pomwepa mpamene Moss anachita ngozi yoopsa mu 1962, yomwe inathetsa ntchito yake yopikisana pa mlingo wapamwamba. Mu 1966 mwini malo anaimitsa mipikisano poona kuti magalimoto ayamba kuthamanga kuposa mmene bwalolo lingapirire. Linatsala longoyeserapo magalimoto, ndipo Bruce McLaren, amene anayambitsa timu ya McLaren, anafera pamenepo mu 1970 akuyesa galimoto yake.

Mdzukulu wa mwini malo uja ndiye anadzutsa zinthu. Mu 1993 anayambitsa Festival of Speed. Kumeneko magalimoto sapikisana ali pamodzi ayi. Imodziimodzi imakwera kamsewu ka makilomita pafupifupi 1.9 kodutsa kutsogolo kwa nyumba yaikulu ya banjalo. Kumabwera za mibadwo yonse, kuyambira zakalekale mpaka zimene sizinafike pamsika. Nthawi yachangu kwambiri pa kamsewuka, masekondi 39.08, inaikidwa mu 2022 ndi galimoto yamagetsi ya McMurtry, woyendetsa ali Max Chilton.

Goodwood Revival inayamba mu 1998, zaka 50 ndendende chitsegulire bwalo lija. Iyi ndiyo ya zovala zakale. Cholinga chake chachikulu n'chakuti chilichonse chioneke ngati cha pakati pa 1948 ndi 1966, zaka zimene bwalolo linkagwira ntchito. Ndipo mipikisano yake si sewero. Magalimoto amanyamukira pamodzi, wofika poyamba ndiye wapambana. Wotchuka kwambiri ndi RAC TT Celebration, wa magalimoto a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 monga AC Cobra ndi Jaguar E-type, pomwe anthu awiri amasinthana pa chiwongolero. Kawirikawiri mmodzi amakhala mwini galimoto, winayo katswiri amene anapikisanapo ku Le Mans kapena mu Formula One. Ana nawo ali ndi wawo, wa timagalimoto topalasa ta Austin J40. Kuti munthu apikisane ku Goodwood sangolembetsa: amachita kuitanidwa. Ichi chikumbukireni, chifukwa chikhudza nkhani ya mitengo kutsogoloku.

Zikondwerero zina zimatsata njira yofananayo: Le Mans Classic kuyambira 2002, ya ku Monaco kuyambira 1997, ya ku Laguna Seca ku California kuyambira 1974. Mu Africa muno, ku Kenya kuli East African Safari Classic Rally, yomwe inayamba mu 2003 pokumbukira zaka 50 za Safari Rally, ndipo ku Knysna ku South Africa, Simola Hillclimb imapatula tsiku la Lachisanu kuti likhale la magalimoto akale.

Mille Miglia: mpikisano umene wothamangitsa sapambana

Ku Italy zinthu zinayenda mwina, ndipo chifukwa chake ndi maliro.

Mille Miglia yoyambirira inkachitika pa misewu ya anthu onse, kuchoka ku Brescia kupita ku Rome n'kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600. Inayamba mu 1927. Mu 1955 Stirling Moss, ali ndi mtolankhani Denis Jenkinson pambali pake akumuwerengera za makona ali kutsogolo, anamaliza ulendo wonsewo pa maola 10, mphindi 7 ndi masekondi 48 pa Mercedes-Benz 300 SLR. Ukawerengetsa, ndiye kuti ankayenda makilomita oposa 157 pa ola, kudutsa m'midzi ndi m'mapiri, anthu ataima m'mbali mwa msewu popanda chowatchinga. Chaka chomwecho ku Le Mans galimoto ina ya mtundu womwewo inaulukira m'khamu la oonerera, n'kupha anthu oposa 80. Mu 1957 tayala la Ferrari ya Alfonso de Portago linaphulika pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo. Anafa iye, mnzake amene anali naye m'galimoto, ndi oonerera 9, asanu mwa iwo ana. Mille Miglia yothamanga inathera pomwepo.

Itabwerera mu 1977, inabwera ndi malamulo ena. Tsopano cholinga si kufika msanga koma kufika pa nthawi yoikika. Amakuuza kuti kachigawo aka ukadutse pa masekondi akutiakuti. Pamsewu amayala kachubu kamene kamalemba nthawi tayala likangokaponda, ndipo kufulumira kapena kuchedwa ndi kachigawo kakang'ono ka sekondi kumakuchotsera mapointi. Galimoto zakale kwambiri amaziwonjezera mapointi, n'chifukwa chake opambana nthawi zambiri amakhala pa Alfa Romeo za cha m'ma 1929, osati pa Ferrari zamphamvu za m'ma 1950. Zololedwa ndi za mitundu yokhayo imene inalembetsapo mu mpikisano woyambirira uja.

Choncho mukamva kuti wakutiwakuti wapambana Mille Miglia, luso lake ndi la kusunga nthawi. Mukamva kuti wapambana ku Goodwood Revival, ndiye kuti anapitirira anzake pa kona.

Yeniyeni ndi iti?

Galimoto yothamanga imadya ziwalo zake. Injini imaphulika, giyabokosi imatha, bodi imapindika. Ngakhale pa nthawi yake, timu sinkasunga kanthu chifukwa cha mbiri: chatha, chotsani, ikani china, Loweruka kuli mpikisano. Ndiye patapita zaka 60, chatsala n'chiyani?

Taganizani za khasu limene banja limati ndi la agogo. Mpini unathyoka, bambo anasema wina. Patapita zaka chitsulo chinaperepeseka, anagula china n'kukhomera pa mpini uja. Palibe tsiku limene khasulo linasowa pakhomo, ndipo aliyense amalitchulabe kuti la agogo. Koma wina atatola chitsulo choyamba chija kudzala, n'kuchiika pa mpini watsopano, makasu a agogo akhala awiri. Zoterezi zachitikadi ndi magalimoto: awiri kumalimbirana nambala imodzi ya chassis (mafupa achitsulo amene galimoto imamangidwapo), wina ali ndi mafupa oyambirira, wina ali ndi injini ndi mapepala.

Nkhani yotchuka inafika ku khoti lalikulu ku London mu 1990. Inali ya Bentley Speed Six yodziwika kuti Old Number One, imene inapambana ku Le Mans mu 1929 ndi 1930. Pambuyo pake mwini wake anaisintha kwambiri, inachita ngozi pa bwalo la mipikisano la Brooklands ku England mu 1932 n'kupha woyendetsa wake Clive Dunfee, kenako inamangidwanso. Kampani imene inagwirizana zoigula pa mtengo wa mapaundi 10 miliyoni inafuna kubwerera m'mbuyo, ikuti iyi si galimoto imene inapambana ku Le Mans. Woweruza anavomereza kuti zambiri zinasinthidwa, koma anagamula kuti ndi Old Number One basi, chifukwa mbiri yake sinadukepo: pa sitepe iliyonse galimoto yomweyo ndi imene inkasinthidwa, ndipo panalibe ina imene ikanatenga dzinalo. Kuyambira pamenepo, mbiri yosaduka ndi mfundo imene ogula ndi ogulitsa amaitchula kawirikawiri.

Bungwe la FIA, loyendetsa mipikisano ya magalimoto padziko lonse, linasankha kuyang'ana kwina. Limapereka chikalata chotchedwa Historic Technical Passport, ndipo ambiri amachimva molakwika. Chikalatachi sichinena kuti galimoto iyi ndi imene inapangidwa mu 1963. Chimangotsimikiza kuti kapangidwe kake, injini, mabuleki, kulemera ndi zina zotero, zikugwirizana ndi mmene mtundu umenewo unalili pa nthawi yake. Motero galimoto yomangidwa chaka chatha motsatira bwino miyezo yakale ikhoza kuchilandira. Cholinga cha FIA n'chakuti mpikisano ukhale wachilungamo ndi wotetezeka. Za mbiri imasiyira eni ake, akatswiri ndi makhoti.

Kenako makampani enieniwo analowererapo. Mu 1963 Jaguar inakonza zopanga ma E-type opepuka 18 a mpikisano, koma inangopanga 12. Mu 2014 inalengeza kuti ipanga 6 otsalawo, n'kuwapatsa manambala a chassis amene anasungidwa osagwiritsidwa ntchito. Inachitanso chimodzimodzi ndi ma XKSS 9 amene anapsa pa moto wa ku fakitale yake ku Coventry mu 1957. Aston Martin ndi Bentley nawo anapanga zawo. Zoterezi amazitcha continuation: yatsopano, koma yochokera kwa mwini dzina.

Pali magulu atatu a maganizo, ndipo lililonse lili ndi mfundo yomveka. Ena amati galimoto inapangidwira kuthamanga. Kuiika m'nyumba yosungira zakale n'kuipha, ndipo phokoso la injini yake, fungo la oilo ndi luso loiyendetsa ndi mbali ya mbiri imene ingasungidwe pokhapokha ikuyenda. Ena amati chitsulo chimene amisiri a 1962 anachisula ndi manja chikaphwanyika sichibwerera, ndiye yeniyeni isungidwe, kope lake ndilo lipikisane. Achitatu amati oonerera amalipira kuti aone zenizeni, ndipo bwalo lodzaza ndi makope ndi chinyengo, pokhapokha atauzidwa poyera. Pa mfundo yomalizayi, ya kunena zoona za galimoto imene ili pamsewu, ine ndikuona kuti magulu onse atatu ayenera kugwirizana, kaya ena asankha kuthamangitsa kaya kusunga.

Palinso kusintha kwina koyenera kukuona. Kale ulemu unkapita kwa galimoto yokonzedwa mpaka kuwala kuposa tsiku limene inatuluka m'fakitale. Masiku ano ambiri akuyamikira yosakhudzidwa, yokhala ndi penti wake wakale ndi zikopa zong'aluka za mipando. Mu 2024, pa chionetsero cha Pebble Beach ku California, mphoto yaikulu inapita kwa nthawi yoyamba kwa galimoto ya gulu losakonzedwanso, Bugatti Type 59 ya 1934.

Mitengo imeneyi imachokera kuti?

Tengani Ferrari 250 GTO. Malamulo a nthawi imeneyo ankafuna kuti galimoto ya gulu lake ipangidwe zokwana 100 isanaloledwe kupikisana. Ferrari inanena kuti iyi yangokhala mtundu wosinthidwa wa galimoto imene inalipo kale, akuluakulu anavomera, ndipo zinapangidwa 36 zokha pakati pa 1962 ndi 1964. Zinapambana m'mayiko ambiri. Ku Kyalami pafupi ndi Johannesburg, David Piper anapambana nayo mpikisano wa maola 9 mu 1962 ndi 1963. Zitatha ntchito zinkagulitsidwa motchipa ngati zida zakutha. Mu 2018 imodzi inagulidwa pa okushoni ku Monterey ku California pa madola 48.4 miliyoni. Mu 2022 Mercedes-Benz inagulitsa imodzi mwa ma 300 SLR Uhlenhaut Coupé awiri okha amene alipo, pa mayuro 135 miliyoni.

Kuchepa kwake ndi chifukwa choyamba. Chachiwiri ndi mbiri: ndani anaiyendetsa, inapambana kuti. Chachitatu ndi chimene anthu akunja saganizira: galimoto yotere ndi khomo. Amene ali ndi mtundu woyenera amaloledwa ku Mille Miglia kapena kuitanidwa ku Goodwood, ndipo otsatsa malonda amalemba zimenezi poyera. Zikondwerero zimakweza mitengo, mitengo nayo imasintha zikondwerero, chifukwa galimoto ikafika pa mamiliyoni makumimakumi eni ake ena amayamba kuopa kuiika pakati pa anzawo othina pa kona. Ichi n'chimodzi mwa zimene zimachititsa kuti makope achuluke.

Ndipo dziwani kuti ngozi siitsitsa mtengo mmene mungaganizire. Mtengo ukakhala mu nambala ya chassis ndi mbiri yake, kukonza bodi yopindika, ngakhale kudule chotani, kumakhala kachigawo kochepa ka mtengo wonse.

Tisaiwale kuti awa ndi a pamwamba penipeni. Ambiri opikisana ndi magalimoto akale ali ndi Mini, MG kapena Ford Cortina, amakonza okha m'galaja Loweruka ndi Lamlungu, ndipo saoneka pa timavidiyo tija.

Chitetezo ndi mafuta

Magalimoto amenewa anapangidwa pa nthawi imene oyendetsa ambiri sankamanga lamba. Malamulo a lero amafuna zipewa zolimba zamakono, zovala zosagwira moto ndi zozimitsira moto, ndipo magulu ambiri amafunanso malamba ndi zitsulo zoteteza galimoto ikagubuduzika. Matayala amakhala a mtundu wakale, osagwira msewu kwambiri, n'chifukwa chake mumaona magalimotowo akutsetsereka cham'mbali pa kona. Komabe ngozi sinachoke: mu 2000 woyendetsa wina ndi mmodzi wa oyang'anira msewu anafa pa Festival of Speed.

Chodetsa nkhawa china n'chakuti ambiri mwa magalimotowa akuthamanga kuposa mmene ankachitira pa nthawi yawo. Zitsulo za lero n'zolimba, makina osulira ziwalo ndi olondola, oilo ndi wabwino, ndipo amakaniko akhala ndi zaka makumi angapo akuphunzira injini imodzimodziyo. Kunja ikuoneka ya 1964, m'kati mphamvu zawonjezeka. Oyang'anira amayesetsa kufufuza, koma malire pakati pa kukonza ndi kuwonjezera ndi ovuta kuwaona.

Pa za mafuta, mayiko a ku Ulaya akukonza zosiya kugulitsa magalimoto atsopano a petulo m'zaka zikubwerazi. Malamulo amenewo sakhudza magalimoto akale mwachindunji, koma eni zikondwerero akudziwa kuti anthu akuwayang'ana. Mu 2024 Goodwood Revival inalamula kuti mipikisano yake yonse iyendere mafuta amene mbali yake yaikulu, 70 peresenti kapena kuposa, sichokera pansi pa nthaka koma ku zinthu monga zotsalira za mbewu. Injini zakale zinayenda popanda kusinthidwa kwenikweni. Otsutsa amati mafutawa ndi odula ndiponso ochepa, komanso kuti utsi wochuluka wa chikondwerero umachokera ku maulendo a khamu la oonerera, osati ku magalimoto opikisanawo.

Zimene sizinayankhidwe

Kodi oonerera azilembedwera m'pulogalamu kuti iyi ndi ya 1963, iyi inamangidwa posachedwa? Ngati inde, adzajambule mzerewo ndani, poti galimoto iliyonse yopikisana ili penapake pakati?

Amisiri odziwa kusula bodi ya aluminiyamu ndi manja kapena kutchuna kabuleta ndi khutu akukalamba. Masukulu ndi mabungwe ena ku Britain ayamba kuphunzitsa achinyamata ntchitoyi, koma sizikudziwika ngati adzakwane.

Palinso vuto la magalimoto amene akulowa kumene m'gulu la akale. Ya 1960 munthu waluso akhoza kuipangira chiwalo chilichonse. Ya m'ma 1990 ndi 2000 imadalira kompyuta ndi mapulogalamu amene nthawi zina amafuna makina akale kuti ilire, ndipo ena mwa makampani amene anazipanga anatsekedwa. Zidzayenda bwanji zaka 30 zikubwerazi?

Ndipo Revival inamangidwa pa zokumbukira za anthu amene anaonerera Moss ali ana. Mbadwo umenewo ukupita. Amene akubwera anakula ndi magalimoto ena, ndipo bwalo la Goodwood lili ndi malire a 1966 amene silingawasunthe popanda kusiya kukhala chimene lili.